Land Rover Yakale Ingathe Kudzuka: Yambani ndi Madzi, Moto Pambuyo

CHIPUTO, Marávia. Abale a m'midzi ya m'malire, lero tikambe za galimoto zija zagona pa miyala kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Makamaka tikambe za Land Rover yakale ya petulo. Eni ake amati injini inafa. Komatu mukafunsitsa mumamva kuti inayamba ndi kuwira pa chitunda, kenaka n'kumavuta kulira m'mawa, mpaka anthu anatopa kuikankha. Matenda awiri amenewa ali ndi mankhwala, ndipo ambiri mwa mankhwalawo amatheka pansi pa mtengo wa mango.

Nkhaniyi si yamasewera. Njinga zamoto zachuluka, n'zoona, koma mayi amene matenda akubereka amuvuta sangakhale pa njinga mpaka kukafika ku chipatala ku Fingoè. Mabelo a fodya ndi matumba a chimanga nawonso amafuna galimoto yosaopa matope.

Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Solihull m'dziko la England. Injini yake ya petulo ya malita 2.25 inayamba mu 1958, ndipo mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ndiye kuti ngakhale yaing'ono mwa izo yakwana zaka 40. Thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri. Koma injini ndi yachitsulo, ndipo m'njira zake za madzi ndi mmene dzimbiri limabisala.

Tsono yambani ndi madzi. Kuidzutsa injini isanathe kudziziziritsa n'kuipha kachiwiri.

Rediyeta, imene ku masitolo a mu mzinda wa Tete amaitcha radiador, ili ndi timapaipi tating'ono tambiri. Madzi otentha amatsika m'timapaipito, mphepo n'kuwaziziritsa. Kunja imatsekeka ndi njere za udzu, tizilombo ndi fumbi. Itsukeni pothira madzi kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo, osaikolokosa ndi waya. M'kati imatsekeka ndi matope a madzi a mumtsinje. Ichotseni pa galimoto, muitembenuze chadodolido, muthire madzi kuchokera kumunsi mpaka otuluka ayere. Ikakana, amisiri amasungunula mtovu, kutsegula thanki ya pamwamba, n'kutokosa kapaipi kalikonse ndi kachitsulo kaphanthiphanthi. Ubwino wa rediyeta zakalezi ndi wakuti n'zamkuwa. Pamene pakudontha amawotcherera ndi mtovu, monga achitira okhoma zidebe.

Pali mankhwala a pamsewu amene tonse timawadziwa: dzira, ufa, fodya wopera. Inde, amatseka kabowo n'kukufikitsani kunyumba. Koma amatsekanso timapaipi tabwinobwino. Wathira ufa Loweruka, atsuke rediyeta Lolemba.

Mukatha apo gwirani mapaipi a mphira. Yolimba ngati nyanga kapena yofewa ngati nthochi yakupsa, yatha ntchito. Gwedezani fani injini itazima. Ikamagwedera, kapena mukaona madzi akudontha pa kabowo ka pansi pa pampu, pampu ya madzi yapita. Lamba mukamudina ndi chala azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Suzumiraninso m'mbali mwa injini pali tizitsekero tozungulira ngati ndalama zachitsulo. Timadyeka kuchokera m'kati, ndipo kamodzi kakaboola, madzi onse, malita 8, amathera mu msewu dalaivala osadziwa.

Chotsekera rediyeta musachipeputse. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumtunda kuno amawira msanga pang'ono. Chotsekera chokhala ndi sipuling'i ndi mphira wabwino chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka atapitirira madigiri 110. Chitsononkho ndi nsanza sizingachite zimenezo.

Apa pakubwera mkangano umene umamveka pa galaja iliyonse. Amakaniki ambiri amachotsa themositati n'kutaya, ati kuno kulibe chisanu. Ife tikuti akulakwitsa. Pa injini iyi themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amadzera injini ikadali yozizira. Mukaichotsa, ena mwa madzi otentha amangozungulira m'njira yachiduleyo osafika mu rediyeta. Zilipo zotseguka pa madigiri 74 ndi zina pa 82. Kwa ife, ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala limene ku zigwa za Zambezi limapitirira madigiri 40, ya 74 ndiyo yoyenera. Kuiyesa n'kosavuta. Iponyeni mu mphika wa madzi pa moto. Itseguke madzi asanawire.

Zonse zikabwerera m'malo, thirani madzi amvula osefa bwino, ndipo ngati thumba lilola onjezani mankhwala aja a mtundu wobiriwira kapena wofiira oletsa dzimbiri. Chenjerani nawo, ngotsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi mbuzi. Injini ikawira pa ulendo, musatsegule chotsekera pomwepo, nthunzi imasupula khungu. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, mutu wake umang'aluka. Mukaona thovu likubwatuka mu rediyeta, kapena oilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, gasiketi ya mutu yapsa kale. Imeneyo ndi ntchito ina, yaikulu.

Tsopano tifike pa moto. Batire ili ndi mavoti 12 okha. Koilo imawakweza kupitirira 10,000 kuti pulagi ithetheke. Koma koilo siichita zimenezi payokha. Imadikira mapointi, tizitsulo tiwiri tokhala m'kati mwa disitibyuta, timene timatseka ndi kutseguka injini ikamazungulira. Nthawi iliyonse tikatseguka, moto umatuluka. Pambali pake pali kondensa, kanthu kaang'ono ngati chala cha mwana, koteteza mapointi kuti asapse.

Kuti mudziwe ngati moto ulipo, zulani waya wapakati pa chivindikiro cha disitibyuta, muugwire ndi kamtengo kouma pafupi ndi chitsulo cha injini, kutali ndi petulo, mnzanu apukuse. Moto wabuluu wolira kuti thetheee ngwabwino. Wofiira, wofooka, ukunena kuti penapake pali vuto.

Tsegulani chivindikiro. Mapointi akakhala akuda kapena okumbika, apaleni ndi kafailo, kapena muike atsopano pamodzi ndi kondensa yake. Mpata wake, atatseguka kotheratu, ukhale mamilimita 0.35 mpaka 0.40. Pali timalupanga toyezera mpata umenewu, ndipo mwini galimoto aliyense akhale nato. Kutchire, kakatoni ka bokosi la machesi kangakuyandikitseni. Mapulagi mpata wake ndi 0.75 mpaka 0.80. Chivindikiro chokhala ndi mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, chimataya moto kukachita chinyezi, n'chifukwa chake galimoto zina zimakana kulira nthawi ya dzinja yokha. Mawaya a mapulagi abwerere motsatana bwino: 1, 3, 4, 2, kuwerenga kuchokera ku silinda ya kufupi ndi rediyeta. Ndipo musasiye kiyi yoyatsa injini ili chete, mukumvera wailesi. Mapointi ndi koilo zimapsa choncho.

Kanthu kena kofunika kwa amene ali ndi zakale kwambiri. Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinkalumikiza mbali ya + ya batire ku thupi la galimoto, pamene zapambuyo pake zimalumikiza mbali ya –. Onani kaye mmene yanu ilili musanaike batire kapena koilo yatsopano.

Nanga madzi ndi moto zikukumana pati? Zikukumana pa nthawi imene moto umagwa. Ukachedwa, petulo amapitiriza kuyaka mpaka potulukira utsi, mphamvu imachepa, injini n'kutentha ngakhale rediyeta ili yoyera mbee. Ukafulumira kwambiri, injini imalira ngati mwaponyamo timiyala pokwera chitunda, ndipo mapisitoni amawonongeka. Anthu agulapo rediyeta ina pamene vuto linali disitibyuta yosuntha pang'ono chabe. Pokonza, yambani ndi mpata wa mapointi, chifukwa mpata ukasintha nthawi nayo imasintha. Kenaka zungulizani injini ndi handulo mpaka kachizindikiro ka pa pule kalunjike pa muvi wake, silinda yoyamba ili pa moto. Lumikizani kababu pakati pa waya wa mapointi ndi thupi la galimoto, yatsani kiyi, masulani disitibyuta, muipotoze pang'onopang'ono. Pamene babu langoyaka, mangani pomwepo.

Masiku ano kulinso kachipangizo ka magetsi kolowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa. N'kabwino, sikafuna kupala kapena kuyeza. Koma kakafa pakati pa tchire sikakonzeka ndi failo. Wokaika asunge mapointi akale m'kachitini pansi pa mpando.

Zotsala ndi mayina a pa sitolo. Ambiri mwa ife tinaphunzira mawu a zitsulo ku Zambia, nthawi ya nkhondo, pamene abale anathawira ku Ukwimi m'boma la Petauke, kumene msasa unatsegulidwa mu 1987, anthu n'kubwerera kwawo mu 1994. Ku Petauke ndi ku Katete mawu amenewo adzakumvani. Ku Tete, mapointi ndi platinados, kondensa ndi condensador, koilo ndi bobina, mapulagi ndi velas, lamba ndi correia, ndipo pampu ya madzi ndi bomba de água. Ma disitibyuta a Lucas alipo mitundu iwiri yofala pa injini iyi, 25D ndi 45D, ndipo mapointi ake salowana. Nambalayo yalembedwa pambali pa disitibyuta. Ikopereni pa pepala, ndipo mapointi akalewo muwakulunge mu nsanza apite nawo amene mwamutuma.