Mmene Nthabwala ndi Nyimbo Ziwandira

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi, taonani mmene kanthu kakang'ono kawandira. Nthabwala ibadwira pakati pa anthu owerengeka, monga oitanira minibasi pa Chemusa. Wina aijambula pa foni, naitumiza kwa anzake pa WhatsApp. Ikakhala yaifupi ndi yosavuta kutsanzira, yense aonjezapo zake, kufikira wailesi nayonso iitola.

Momwemonso nyimbo yakale ya a Giddes Chalamanda, Linny Hoo, ataiimbanso pamodzi ndi a Patience Namadingo mu 2020, inafika m'maiko ambiri kudzera pa TikTok mu 2021.

Tsono mwana akadza nawo mawu otere m'kalasi, musafulumire kumdzudzula. Mfunseni kumene anawamva ndi tanthauzo lake, pakuti chinenero chimakula motero.