Magemu ochokera kunja

Magemu ochokera kunja ndi masewera a pa TV, pa kompyuta kapena pa foni amene munthu amawapeza kuchokera ku dziko lina pomwe kampani yomwe inawapanga sinakonze zowagulitsa m'dziko la wosewerayo. Mchitidwewu unatchuka ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene anthu otopa ndi kudikira ankaitanitsa makatiriji ndi zimbale kuchokera ku Japan. Kumeneko inali nkhani ya anthu ochepa okonda kwambiri magemu. Ku Malawi ndi nkhani ya wosewera aliyense, chifukwa makampani monga Sony, Nintendo ndi Microsoft sapanga makina kapena zimbale za msika wa dziko lino. Gemu yomwe ikufika, ndi nthawi yomwe ikufikira, zimadalira wamalonda amene waibweretsa, magetsi omwe alipo pamalopo, ndi chiyankhulo chomwe wosewera amamva.

Maloko a madera

Makampani a magemu anagawa dziko lapansi m'misika itatu ikuluikulu: Japan, North America, ndi maiko ogwiritsa ntchito TV za mtundu wa PAL monga a ku Ulaya, Australia ndi ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Gemu ya msika wina inkakana kulira pa makina a msika wina. Nintendo inatulutsa makina otchedwa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo atafika ku America mu 1985 ndi dzina loti NES, katiriji yake inali yosiyana kukula, ya mano 72 m'malo mwa 60. M'kati munaikidwanso tchipi yomwe ntchito yake inali kukana katiriji yosaloledwa. PlayStation yoyamba, ya mu 1994, ndi PlayStation 2 ya mu 2000 zinkayamba zaona chizindikiro cha pa chimbale zisanalole gemu kuyamba.

Cholinga chinali malonda. Kampani inkafuna kuika mtengo wosiyana pa msika uliwonse ndi kusankha yokha tsiku lotulutsa gemu. Panalinso kusiyana kwenikweni kwa ma TV. TV za ku Japan ndi ku America, zotchedwa NTSC, zinkaphethira ka 60 pa sekondi, pomwe za PAL zinkaphethira ka 50. Magemu ambiri ankangosamutsidwa osakonzedwa bwino, motero a PAL ankayenda pang'onopang'ono ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo chithunzi chinkaoneka chopanikizika, chokhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Final Fantasy X, yomwe inatuluka ku Japan mu 2001 ndi ku Ulaya mu 2002, ndi imodzi mwa magemu omwe anthu anadandaula nawo kwambiri pa vutoli.

Anthu anapeza njira yozembera malokowa poika tchipi ina m'makina, yomwe inkalolanso zimbale zokopera. Makampani analimbana nazo m'makhoti. Sitolo ya pa intaneti ya Lik-Sang ya ku Hong Kong, yomwe inkatumiza makina ndi magemu padziko lonse, inatsekedwa mu 2006 Sony itaisumira chifukwa chogulitsa PSP za ku Asia kwa anthu a ku Ulaya. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho Sony inatulutsa PlayStation 3, yomwe magemu ake pafupifupi onse analibe loko ya dera. PlayStation 4 ya mu 2013 ndi Nintendo Switch ya mu 2017 zilibenso.

Mafilimu nawo anali ndi maloko awo. Pa mapu a DVD, Malawi ali m'dera la nambala 5 pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, koma South Africa, komwe kumachokera katundu wambiri wobwera kuno, ili m'dera la nambala 2 pamodzi ndi Ulaya ndi Japan. Amene anajambula mapuwa sanaganizire njira yomwe katundu amayendadi.

Mmene amafikira ku Malawi

Dziko la Malawi linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, ndipo nyumba zambiri zinalibe TV. Magemu oyamba omwe ana ambiri a m'tauni anawadziwa anali makina otsika mtengo a ku China otengera Famicom, omwe ankangotchedwa "TV gemu". Makatiriji ake ankalonjeza magemu mazanamazana, koma ukayatsa umapeza kuti ndi magemu ochepa omwewo obwerezabwereza. Makinawa analibe loko iliyonse.

Makina a PlayStation amabwera kudzera mwa amalonda opita ku Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai ndi China, komanso mwa achibale omwe ali ku Joni kapena ku Ulaya. Ambiri amakhala ogwiritsidwapo kale ntchito. Pulagi ndi mphamvu ya magetsi ndi vuto loyamba. Ku Malawi magetsi ndi a mavoti 230 ndipo pulagi ndi ya mano atatu a makona, ngati ya ku Britain. Ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira, koma imangofuna adaputa basi. Zoopsa ndi makina akale a ku Japan, opangidwira mavoti 100, ndi a ku America, opangidwira 120: kuwalumikiza kukhoma popanda chotsitsa mphamvu n'kuwawotcha.

Osewera ambiri alibe makina awoawo. Amasewerera m'tinyumba ta pamsika ndi m'matauni ang'onoang'ono, momwe mwini amaika TV, PlayStation ndi mapadi awiri, n'kumalipiritsa pa gemu iliyonse. M'malo ambiri wogonja ndiye amadzuka pampando. Bizinesi yotere imafuna gemu ya mphindi zochepa, ya anthu awiri, yosafuna kuwerenga. N'chifukwa chake mpira wa FIFA ndi PES, ndi ndewu za Mortal Kombat ndi Tekken, ndizo zinadzaza malowa.

Kutali ndi tauni, zosefazi zimachuluka. Chitsanzo ndi Ruarwe, mudzi wa asodzi womwe uli m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Usisya m'boma la Nkhata Bay. Kumbuyo kwake kuli mapiri otsetsereka, ndipo msewu wa galimoto sufika. Katundu amabwera pa maboti ochokera ku Nkhata Bay, pamutu podutsa m'tinjira ta m'mapiri, kapena pa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo imaima ku Ruarwe paulendo wake wopita ku Chilumba ndi pobwerera. Sitimayo imaima pakuya, anthu ndi katundu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono. TV kapena PlayStation yopita kumeneko iyenera kupulumuka madzi, ndipo ikafa, wokonza ali ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Pamalo odalira sola, batire ndi inveta, mawati amawerengedwa. PlayStation 2 imadya mawati 50 kapena kucheperapo, pomwe PlayStation 4 yoyamba imapitirira 100 munthu akamasewera, TV osaiwerengera. Makina akale, omwe ku Ulaya anatayidwa kalekale, ndiwo oyenera malo otere.

Magemu a RPG ndi magawo ake otsatira

RPG ndi gemu yomwe wosewera amatenga malo a munthu wa m'nthano, n'kuyenda naye ulendo wautali, kucheza ndi anthu, kutolera zida ndi kukulitsa mphamvu zake pang'onopang'ono. M'magemu akale a ku Japan nkhondo inkamenyedwa mosinthana, ngati pa bawo: wosewera amaganiza, n'kusankha chochita, kenako n'kudikira mdani. Dragon Quest ya mu 1986 ndi Final Fantasy ya mu 1987 ndiwo maina akuluakulu a mtunduwu.

Magemu amenewa ndiwo ankachedwa kwambiri kutuluka mu Japan, chifukwa ali ndi mawu ochuluka ofunika kumasulira. Zotsatira zake zinali chisokonezo cha manambala. Final Fantasy II, III ndi V sizinatulutsidwe ku America panthawi yake. Pofuna kubisa mipatayo, kampani ya Square inatcha gawo lachinayi kuti II mu 1991, ndi lachisanu ndi chimodzi kuti III mu 1994. Ndiye mu 1997 kunatuluka Final Fantasy VII ndi nambala yake yeniyeni, anthu n'kumafunsa komwe IV, V ndi VI zinapita. Ku maiko a PAL zinali zoposa pamenepo: gawo lachisanu ndi chiwirilo ndilo linali loyamba kufika. Dragon Quest inafika ku Ulaya mu 2006 ili pa gawo lachisanu ndi chitatu. Mwayi unali woti magawo a Final Fantasy samalumikizana. Lililonse lili ndi dziko lake ndi anthu ake, choncho munthu angayambire paliponse.

Mkangano umabuka pamene gawo latsopano likupitiriza nkhani yomwe anthu anaikonda kale. Final Fantasy X-2, yomwe inatuluka ku Japan mu 2003, inali gemu yoyamba m'banjali kupitiriza nkhani ya inzake. Gawo loyamba linali la chisoni ndi nsembe. Lachiwiri limayamba ndi nyimbo ndi magule pa siteji, ndipo Yuna, yemwe anali mtsikana wofatsa wa zauzimu, akuoneka atanyamula mfuti ziwiri. Ena anayamikira kamenyedwe kake ka nkhondo, komwe kanalidi kabwino, koma ena anaona ngati maliro asandutsidwa phwando. Chrono Cross ya mu 1999 inakumana ndi zofanana: inali ndi anthu oposa 40 oti wosewera asankhe, koma omwe anthu anawakonda mu Chrono Trigger ya mu 1995 sanapatsidwe malo enieni. Maiko a PAL anailandira mwalamulo mu 2022, mkangano wake utazizira kalekale.

Magemu ena sanamasuliridwe n'komwe. Mother 3 inatuluka ku Japan mu 2006, ndipo Nintendo sinaitulutse m'Chingerezi. Okonda gemuyo anaimasulira okha n'kuigawa pa intaneti mu 2008.

Ku Malawi RPG ili ndi zopinga zitatu nthawi imodzi. Final Fantasy VII ili pa zimbale zitatu ndipo imatenga maola pafupifupi 40, zomwe sizingatheke pamalo olipira pa gemu iliyonse pomwe anzako akudikira padi. Imafuna memori khadi yoti munthu asungepo pomwe wafika, ndipo magetsi akazima asanasunge, ntchito ya tsiku lonse yapita. Chachitatu ndi chiyankhulo. Zimbale za PAL zimakhala m'Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana kapena Chisipanishi. Kwa mwana wa ku Ruarwe, yemwe pakhomo amayankhula Chitumbuka kapena Chitonga, Chingerezi cha m'gemu ndi chiyankhulo chachitatu, ndipo chimadza ndi mawu a mafumu akale ndi amatsenga omwe sapezeka m'buku la kusukulu.

Mafilimu a sayansi yopeka

Mafilimu akunja amayenda njira yomweyo, koma iwo anapeza chomwe magemu alibe: womasulira. M'nyumba zoonetsera kanema anthu anayamba ndi mafilimu a nkhonya ndi mfuti, a Jean-Claude Van Damme, Steven Seagal ndi Jet Li, omwe munthu amawatsatira ngakhale osamva mawu. Kenako kunabwera anyamata oika mawu a Chichewa pamwamba pa filimu, kufotokoza nkhani, kuseketsa, mwinanso kupatsa osewera maina akuno. Mafilimuwa amagawidwa pa mafulashi ndi ma memori khadi m'malo obenera nyimbo. Ntchito yawo ikufanana ndi ya omwe anamasulira Mother 3, ndipo onsewa amaichita popanda chilolezo cha eni ake, nkhani yomwe ku Malawi imakhudza bungwe la COSOMA ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016.

Mawu oti "pati 2" anazika mizu chifukwa cha mafilimu a ku Nigeria, omwe ankadulidwa pakati dala kuti munthu agule chimbale chachiwiri. Koma pati 2 ya filimu ya sayansi yopeka ndi ina. The Matrix ya mu 1999 inali ndi nkhani yomveka: Neo azindikira kuti dziko lomwe akukhalamo ndi bodza lopangidwa ndi makina, n'kuyamba kulimbana nawo. The Matrix Reloaded ndi The Matrix Revolutions zinatuluka zonse mu 2003, ina mu May ina mu November. Reloaded ili ndi mpikisano wa magalimoto wotchuka, komanso ili ndi zokambirana zazitali za ufulu wosankha, makamaka pomwe Neo akumana ndi mkulu wotchedwa Architect, yemwe Chingerezi chake chinavuta ngakhale eni chiyankhulocho. Filimuyo imathera m'malere. Oonera anagawikana, ena n'kumati nkhani yakula, ena n'kumati yasokonekera.

Mbali ina ya nkhaniyo sinali m'filimu n'komwe. Inaikidwa mu gemu ya Enter the Matrix, yomwe inatuluka mwezi womwewo wa May pa PlayStation 2, Xbox, GameCube ndi kompyuta, ili ndi zithunzi pafupifupi za ola limodzi zojambulidwa ndi osewera enieni a m'filimu. Mmene Niobe anaphulitsira malo opangira magetsi zimangooneka pang'ono mu Reloaded, koma mu gemu wosewera amazichita yekha. Dongosololi linapangidwira munthu yemwe angagule zonse motsatana. Woonera amene walandira Revolutions pa fulashi asanaone Reloaded amakumana ndi nkhondo ya makina popanda kudziwa chomwe akumenyera. Star Wars: The Last Jedi ya mu 2017 inagawanitsanso anthu, makamaka pa momwe inaonetsera Luke Skywalker ngati nkhalamba yokhumudwa yothawa nkhondo, koma mkwiyo umenewo umafuna munthu amene anakula ndi Luke wa mu 1977.

Mafoni

Foni ya Android yasintha zambiri mwa izi. Siifuna TV kapena inveta, imatchajidwa ndi kasola kakang'ono, ndipo imalowa m'thumba pokwera boti. Pulogalamu ya PPSSPP, yomwe inayamba mu 2012, imalola magemu a PSP kulira pa foni, ndipo anthu amapatsirana mafayilo ake popanda kugula bandulo. Pa foni munthu amasewera yekha n'kusunga pomwe wafika, choncho zopinga ziwiri za RPG zimachoka, n'kutsala chiyankhulo. Mu Africa muno RPG zayambanso kupangidwa. Kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé m'dziko la Cameroon inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, nkhani ya mfumu Enzo ndi mkazi wake Erine omwe alandidwa ufumu pa tsiku la ukwati wawo. Gemuyo inatuluka m'Chifalansa ndi m'Chingerezi.