Miyala ya Mapasa Yocokera m'Migodi ya Mtovu

Kwathu timadziwa mapasa a anthu ndi a mbuzi, koma nayo miyala ili ndi mapasa ake. Mwala umodzi wotere ndi cerussite, umene anthu osonkhanitsa miyala amaufuna kwambiri. Dzinali analipereka Wilhelm Haidinger m'caka ca 1845, kucokera ku liwu la Cilatini lakuti cerussa, ndiko kuti mtovu woyera. Mtovu ndi uja Apwitikizi amati chumbo.

Kodi mwalawu umapangika bwanji? Pansi pa nthaka pali mwala wa mtovu wotuwa wochedwa galena. Madzi a mvula akamalowa pansi atatenga mpweya wa kaboni, amadya galenayo pang'onopang'ono, ndipo m'mphako za thanthwe mumamera timiyala toyera kapena toonekera ngati galasi. Nthawi zina tiwiri timamera pamodzi, totsamirana monga lemba V. Titatu tikapingasana timapanga nyenyezi ya nsonga 6, ndipo tikaculuka timalukana ngati ukonde. Amenewa ndiwo mapasa.

Cerussite amalemera kuposa madzi kasanu ndi kamodzi ndi theka, komatu ndi wofewa: mpeni umamukanda, ndipo akagwa amasweka ngati dzira. Tsono kupeza nyenyezi yathunthu, imene yapulumuka nyundo ndi zophulitsira za mumgodi, ndi mwayi waukulu. Nco cifukwa cake mtengo wake umakwera.

Mapasa ochuka koposa anacokera ku mgodi wa Tsumeb ku Namibia, umene unatsekedwa mu 1996. Ena amacokera ku Touissit ku Morocco ndi ku Broken Hill ku Australia. Mwala wa ku Tsumeb wosemedwa, wa makarati 898, ukusungidwa ku Royal Ontario Museum mumzinda wa Toronto. Pafupi nafe, cerussite anapezekanso ku Kabwe ku Zambia, kumene kale kunkachedwanso Broken Hill.

Dzina la Kabwe litikumbutse cinthu cina. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'nthaka, ndipo ana ambiri a kumeneko apezeka ndi mtovu woculuka m'magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, kotero kuti amavutika kumva ndi kukumbukira zimene aphunzira.

Cotero wosunga mwala wotere asaunyambite, asaupere, asauike pafupi ndi cakudya, ndipo asambe m'manja akaugwira. Aukulunge ndi pepala lofewa m'kabokosi kakekake, kutali ndi ana. Alembenso kapepala konena mgodi ndi caka cimene unapezeka, pakuti mwala wopanda kapepala mtengo wake umatsika, ndipo mbiri yake imatayika. Migodi ya Tsumeb ndi Kabwe inatsekedwa. Kapepalako ndiko kadzauza adzukulu kumene mwalawo unacokera.