Chaka cha sukulu chiyambe liti? Ku Mchinji yankho lili m'munda

Sabata yoyamba ya Sepitembala ikafika, matelala a m'makonde pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa boma ku Mchinji sapuma. Makina amalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kusoka mayunifomu. Ogulitsa makope, zolembera, ndowa ndi masutikesi nawo amakhala akumwetulira kaamba koti chaka chatsopano cha sukulu chayandikira.

Koma mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka pa boma, kungodutsa malire a Mwami, telala wa ku Chipata m'dziko la Zambia sakhala pa phuma lotere. Kumeneko ana amakhala akulowa teremu yachitatu, chaka chikupita kumapeto. Phuma lake limabwera mu Januwale.

Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Amayankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Mvula yomwe imagwa kwa Mlonyeni ndi yomweyo imagwa kwa Mpezeni, ndipo chimanga chimacha mwezi umodzi. Komabe mwana wa kuno amayamba kalasi yatsopano mu Sepitembala ndi kumaliza mu Julayi, pomwe msuweni wake wa kutsidya amayamba mu Januwale ndi kumaliza mu Disembala.

Nanga walondola ndani? Funsoli si lachilendo m'dziko muno, chifukwa Amalawi adalawapo makalendala onse awiri.

M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda chaka cha sukulu chinkayamba cha mu Okutobala. Ndi pa kalendala imeneyi pomwe maphunziro aulere a ku pulayimale adayambira m'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi litangolowa, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Patangopita zaka zochepa kalendala idasinthidwa kuti chaka chiziyamba mu Januwale ndi kutha mu Novembala. Makolo ambiri a lero adaphunzira pa kalendala imeneyi. Amakumbukira kulemba mayeso a Fomu 4 thukuta lili kamukamu, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana kunja.

M'chaka cha 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidabweza zinthu. Pofuna kuti chaka chifike poyambira mu Sepitembala, ana omwe adatsekera chakumapeto kwa 2009 adangopuma pang'ono, n'kubwerera m'kalasi mu Disembala momwemo. Chaka chofinyidwacho chidatha mu Ogasiti 2010, ndipo kuyambira Sepitembala 2010 kalendala yatsopano idakhazikika.

Zifukwa zomwe zidamveka nthawiyo zidali zomveka ndithu. China chidali choti chaka cha sukulu chiyendere limodzi ndi chaka cha bajeti ya boma, chomwe chinkayamba pa 1 Julayi. China, chomwe chidawafika pamtima alimi, chidali choti mu Sepitembala kholo limakhala litagulitsa mbewu, kotero m'thumba mumakhala kangachepe.

Chifukwa choyambacho chidatha ntchito. Kuyambira 2022 chaka cha bajeti ya boma chimayamba pa 1 Epulo. Chachiwiricho ndiye chikadali ndi mphamvu, makamaka m'boma ngati la Mchinji momwe ndalama imachokera m'nthaka.

Misika ya fodya ku Kanengo ndi ku Chinkhoma imatsegulidwa cha mu Epulo. Soya ndi mtedza zimagulitsidwa kuyambira nthawi yokolola mpaka m'miyezi yozizira. Pofika Sepitembala, kholo lomwe lidasunga bwino limatha kugula yunifomu, nsapato ndi makope, ndi kulipirira mwana yemwe wasankhidwira ku sukulu yogonera komweko monga ya atsikana ya Ludzi. Tayerekezani kholo lomwelo likuuzidwa kuti ligule zonsezi mu Januwale, litangotsanulira ndalama yonse ku feteleza, nkhokwe ili pululu, ufa ukugulidwa wa walkman. Pamenepa palibenso mtsutso: Sepitembala ndi bwenzi la thumba la mlimi.

Palinso nkhani ya miyambo. Tchuthi chachitali cha masiku ano chimayamba kumapeto kwa Julayi n'kudutsa Ogasiti yense. Iyi ndi nyengo yomwe Achewa amakhala pa mpumulo, chakudya chilipo, ndipo ndi pomwe zinamwali, ziliza ndi gule wamkulu zimachuluka. Mwambo wa Kulamba, pomwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, umachitika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo galimoto zambiri zopita kumeneko zimadutsa mu Mchinji momwemu. Mafumu omwe amalamula kuti ana azilowa chinamwali pa tchuthi pokha ali ndi poyambira chifukwa kalendala ikuwapatsa masabata okwanira.

Koma walira mvula walira matope. Tchuthi chachitalichi chimagwa nthawi yomwe kumunda kulibe ntchito yambiri, kupatula kudimba ndi kusosa. Nthawi yomwe munda umaitana aliyense wa m'nyumba, ana amayenera kukhala m'kalasi.

Mvula yodzalira imabwera cha mu Novembala kapena Disembala, pomwe ana akukonzekera mayeso a teremu yoyamba. Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha masabata ochepa chabe. Teremu yachiwiri imatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale, udzu utakula m'chimanga, kubandira kusanathe, fodya atayamba kufuna kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Ndi nthawi yomweyo njala imaluma kwambiri ndipo ganyu amakhala njira yokhayo yopezera chakudya cha tsikulo. Banja la ana asanu likapeza ganyu wopalira ekala imodzi, silifunsa zomwe kalendala ya unduna ikunena. Mwana wa Sitandade 6 yemwe akutha kugwira khasu amapita nawo.

Ichi n'chifukwa chake ena mwa omwe adaphunzira pa kalendala ya Januwale amaiyamikirabe. Amati tchuthi chawo chachitali chinkagwa nthawi yodzala ndi kupalira koyamba, kotero ankathandiza makolo popanda kujomba. Akunena zoona, koma amaiwala kuti iwonso ankatsegulira chaka m'kati mwa njala ndi matope, ndipo mwana wa Sitandade 1 ankayamba sukulu tsiku loyamba mitsinje ili yodzaza. Kalendala zonse ziwiri zimaika ana m'kalasi mu Januwale ndi Febuluwale. Palibe yomwe idaizemba miyezi imeneyi.

Apa ndi pomwe mtsutso wa Sepitembala ndi Januwale umasocheretsa anthu. Kalendala yomwe unduna wa zamaphunziro umatulutsa imawerenga masabata a papepala: tsiku lotsegulira, tsiku lotsekera, ndi masiku atchuthi monga la John Chilembwe pa 15 Januwale, la Ofera Dziko pa 3 Malichi, la Apantchito pa 1 Meyi, la Kamuzu pa 14 Meyi, la Ufulu pa 6 Julayi ndi la Anakubala pa 15 Okutobala. Masiku amenewa ndi odziwika ndipo si ambiri. Omwe amatayika mwakachetechete ndiwo ochuluka, ndipo salembedwa paliponse.

Kholo lililonse lokhala pafupi ndi sukulu ya pulayimale likudziwa momwe teremu imayendera. Sabata yoyamba ana amabwera ndi makasu, zikwanje ndi matsache kudzalambula pabwalo, ena n'kumadikira kunyumba kuti amve kaye ngati kuphunzira kwayamba. Kumapeto kwa teremu kuli sabata ya mayeso, kenaka masiku omwe aphunzitsi amakhala akuchonga mapepala, ana akusewera phada ndi mpira wachikulunga panja. Pakatipo pali tsiku la msika, pomwe mwana amatumidwa kukagulitsa zitumbuwa kapena kulondera njinga. Pali maliro a m'mudzi, omwe mphunzitsi sangawalumphe ngati akufuna kukhala bwino ndi anthu. Pali malungo, omwe amachuluka nthawi yomweyo ya dzinja. Pali m'mawa womwe Bua, Rusa kapena kamtsinje kopanda dzina kasefukira, mwana n'kubwerera panjira. Kalasi yophunzirira pansi pa mtengo imaweruka mvula ikangoyamba kudontha, ngakhale nthawi ili 9 koloko.

Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati maphunziro a ku pulayimale ndi okakamiza kwa mwana aliyense. Koma kulembetsa dzina m'kaundula ndi kukhala m'kalasi tsiku ndi tsiku ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Momwe masiku otayika amapwetekera zidaonekera poyera m'chaka cha 2020. Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi kaamba ka Covid-19. Makalasi olemba mayeso adabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Kafukufuku yemwe boma lidachita adapeza kuti m'miyezi imeneyi atsikana pafupifupi 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja m'dziko lonse. Ambiri mwa iwo mpando wawo wa m'kalasi udakhala wopanda munthu sukulu zitatsegulidwa.

Mavuto sadathere pomwepo. Mayeso a MSCE a chakacho adabedwa, n'kuimitsidwa mu Novembala, ndipo ophunzira adalembanso mu Januwale 2021. Mwezi womwewo sukulu zidatsekedwanso kwa masabata angapo matenda atabwerera ndi mphamvu, ndipo zitati zitsegulidwe aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo. Mosafuna, dziko lidapezeka labwerera ku kalendala ya Januwale m'zaka za 2021 ndi 2022. Kuti libwerere ku Sepitembala, materemu ndi tchuthi zidafupikitsidwa: chaka china chidayamba mu Okutobala 2022, ndipo mu 2023 mpomwe sukulu zidatseguliranso mu Sepitembala.

Papepala zinthu zidakonzeka. Koma madzi akatayika saoleka. Mwana yemwe adali Sitandade 1 mu 2020, m'chaka chomwe amayenera kugwira zilembo ndi maphatikizo, adakhala kunyumba miyezi yoposa isanu ndi umodzi, kenaka n'kudutsa m'zaka ziwiri zothamangitsidwa. Kalendala idabwerera m'malo mwake, koma mwanayo adangokwezedwa kalasi ndi mipata yake yomwe.

Ndipo si Covid-19 yokha. Mu Januwale 2023 kolera idachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ndi masabata awiri. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'maboma ambiri a kummwera, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kutsidya nako sikudapulumuke: mu 2024 sukulu za ku Zambia zomwe zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zidatsegulidwa pa 12 Febuluwale chifukwa cha kolera. Zonsezi zikugwa m'miyezi imodzimodzi ya mvula.

Masiku akatayika chonchi, omwe amabwezeredwa kangachepe ndi a makalasi a mayeso. Ana a Sitandade 8 amauzidwa kubwera m'mamawa, kutsalira madzulo kapena kubwera pa tchuthi, chifukwa dzina la sukulu limamveka ndi zotsatira za Maneb. Wa Sitandade 2 palibe amamubwezera kanthu. M'matauni kholo lopeza bwino limalipira mphunzitsi wapadera, zomwe ambiri amangoti patitayimu. Kholo la ku Kapiri lomwe likudikira soya kuti ache lilibe mwayi umenewu. Tsiku lotayika silipweteka ana onse mofanana.

Ku Mchinji kulinso mwana wina yemwe kalendala imamulanga popanda mliri kapena namondwe: wosamuka. Banja likatha, kholo likamwalira kapena ntchito ya pa esiteti ikatha, ana amatumizidwa kwa agogo kapena kwa malume, ndipo kuno agogowo akhoza kukhala kutsidya kwa malire. Kuchokera pomwe Zambia idayamba maphunziro aulere mpaka ku sekondale mu Januwale 2022, komanso malire a Mwami atamangidwa mwatsopano n'kutsegulidwa mu Disembala chaka chomwecho, kutsidyako sikuonekanso kutali.

Mwana yemwe wamaliza kalasi yake ku Chipata kumayambiriro kwa Disembala akabwera ku Mchinji amapeza anzake akutsekera teremu yoyamba. Akalowa mu Januwale ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka lamudutsa. Akati adikire kuti ayambe bwino, akhala pakhomo miyezi isanu ndi inayi. Wochoka kuno mu Julayi kupita kutsidya amapeza chaka chili pakati, ndipo ayenera kusankha kubwereza zomwe adaphunzira kale kapena kudikira Januwale. Kwa mtsikana wa zaka 14, miyezi yodikirayi si yaing'ono. Zomwe zidachitika mu 2020 zikuchitira umboni.

Kusintha mwezi woyambira chaka kungathandize mwana wosamukayu, koma kungabwezere kholo lake ku vuto logula yunifomu mu Januwale. Zomwe zili m'manja mwa anthu ndi zing'onozing'ono kuposa pamenepo, ndipo n'zomwe komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi oyang'anira atsikana ndi nyakwawa angathe kukambirana pansi pa mtengo. Kulambula pabwalo kutha kuchitika Loweruka sukulu isanatsegulidwe, kuti Lolemba choko chigwire ntchito. Komwe kuli phala la ana, chimanga ndi soya zosonkhedwa nthawi yokolola zingasungidwe kuti phalalo lisasowe mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe limakoka ana kuposa belu. Kaundula wa ojomba, yemwe mphunzitsi amaitana m'mawa uliwonse, angawerengedwe pamsonkhano wa makolo monga momwe amawerengera zotsatira za mayeso.

Unduna nawo uli ndi funso loti uyankhe, lomwe silifuna kugwetsa kalendala yonse: ngati Ogasiti ndi mwezi wouma, wa chakudya, wopanda mitsinje yosefukira, n'chifukwa chiyani ana amakhala kunyumba mwezi wonsewo, pomwe tchuthi cha nthawi yopalira n'chachifupi? Kuchotsa sabata imodzi kapena ziwiri pa tchuthi chachitali n'kuziika kumayambiriro kwa Januwale sikungachepetse tsiku ndi limodzi lomwe papepala. Aphunzitsi ochonga mayeso a Maneb, mafumu a zinamwali ndi makolo a ana ogonera kusukulu aliyense angakhale ndi chonena pa ganizo lotere, ndipo ayenera kumvedwa.

Pakadalipano teremu yachiwiri ikutsegulidwabe kumayambiriro kwa Januwale. M'sabata imeneyo telala wa ku Chipata amakhala ali pa phuma, pomwe wa pa Kamwendo amakhala atafunditsa makina ake nsalu, ali kumunda kubandira chimanga, ana ake ali pambuyo ndi timakasu tawo.