Wailesi ya mphika imene ninapeza ku Mpanshya

Mwezi watha ninakwera basi ya mu Great East Road kupita ku Mpanshya kukaona ambuya amene anali kudwala. Pofuna-funa mbale m'nyumba mwao, ninapeza cinthu cozungulira ca buluu, cadzimbiri, mkati muli nthanga za maungu.

"Iwe, usataye ico!" anakuwa ambuya ali pa mphasa. "Ni wailesi ya atate anga!"

Wailesi? Ine n'nali kuona mphika cabe. Koma ambuya sananame, ndipo nkhani yake iyambira muno mu Lusaka.

Mu 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la atsamunda linatsegula ka siteshoni kang'ono mu Lusaka kuti anthu azimva za nkhondo, popeza asilikali athu anali kumeneko. Nkhondo itatha, siteshoniyo inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station. Inali kuulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zilankhulo zina, mpaka kumveka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Vuto linali lakuti anthu wamba analibe pomvetsera. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ku Britain kuti ipange wailesi yosadula. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special, yooneka monga mphika, mtengo wake mapaundi 5, batile n'kugula padera.

Ambuya akuti dzuwa likalowa, mudzi wonse unali kusonkhana pabwalo pao kumvetsera Alick Nkhata, uja anabwerako ku nkhondo ku Burma, ali kuimba ndi gitala. Batile ikatha, mudzi wonse zii, mpaka wina apite ku tauni.

"Nanga munalekeranji kuimvetsera?" ninafunsa.

Anausa moyo. Cakumapeto kwa 1953 kunabwera Federation, imene anthu akuda anaikana. Wailesi, pokhala ya boma, inali kuikamba bwino. Anthu anataya cikhulupiriro, ndipo mphekesera inafala yakuti aulutsi ndi banyama, okoka magazi a anthu. Atate ao a ambuya anaiika pansi pa bedi kwa miyezi.

"Tinaleka kumvera wailesi cifukwa siinali kukamba zonse," anatero ambuya. "Koma zimene tinayamba kumvera m'njira zinali bodza loposa."

Siteshoni ija ndiye kholo la ZNBC ya lero. Nitabwerera m'tauni, ninakwera minibasi ya ku Matero. Kondakitala ali kukuwa, draiva watsegula wailesi, koma palibe womvetsera. Aliyense maso pa foni. Mai wina pambali panga ananigunda ndi cigongono: "Mwaona ici ca pa WhatsApp? Ati cacitika manje-manje!"

"Akamba ndani, amai?" ninafunsa.

"Kaya. Anitumira cabe."

Ninakumbukira mphika wa buluu uja. Ambuya anakana kunipatsa. Akuti nthanga zao zisungika bwino mmenemo.