Citetezo ca Anchito Omanga: Kodi Udindo Uli pa Ndani?

Nchito yomanga manyumba, miseu ndi maulalo ndi imodzi mwa nchito zoopsa kwambiri. Ngozi zambiri zimacitika pamene wanchito wagwa kucokera pamwamba, pamene dzenje la maziko lagumukira anthu, kapena pamene citsulo cakhudza nthambo za malaiti. Fumbi la simenti ndi la miyala nalonso limaononga mapapu pang'onopang'ono.

Muno m'Zambia, malamulo amaika udindo waukulu pa wolemba nchito. Lamulo la Occupational Health and Safety la caka ca 2010 linalamula kuti pamalo pamene pali anchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za umoyo ndi citetezo, momwe muli oimira abwana ndiponso oimira anchito. Cisoti colimba, nsapato zolimba ndi lamba womangirira munthu amene ali pamwamba ziyenera kuperekedwa ndi kampani, osati kugulidwa ndi wanchito.

Kabungwe ka National Council for Construction, kamene kanakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003 lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2020, ndiko kamalembetsa makampani omanga, kuwaika m'magulu molingana ndi kukula kwa nchito imene angakwanitse, ndi kuyendera malo omangapo. Wanchito akavulala, cipepeso cimacokera ku Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola. Ndalama za thumba limeneli amasonkha ndi olemba nchito, ndipo siziyenera kudulidwa pa malipiro a wanchito.

Njira zatsopano zomangira zikucepetsa ngozi zina. Nsanja zacitsulo zolumikiza ndi zomangira zake n'zodalirika kuposa za mitengo ndi misomali. Mizati ndi zidutswa za konkire zoumbiratu pansi, zimene makina amakweza zitauma kale, zimacepetsa nthawi imene munthu amakhala pamwamba. Makampani ena amatumiza tindeke ta drone kukaona madenga ndi maulalo m'malo mokweza munthu.

Komabe zipangizo zotere zimapezeka makamaka pa nchito zikuluzikulu. Nyumba zambiri m'makomboni zimamangidwa ndi anthu a ganyu opanda pangano lolembedwa, oima pa thabwa losanjikidwa pa migolo. Munthu wotere akagwa, banja lake limavutika kupeza cipepeso cifukwa dzina lake silinalembedwe kulikonse.

Motero wanchito asanakwere nsanja ayenera kufunsa ngati abwana ake analembetsa ku thumba la cipepeso. Ngozi ikacitika, iyenera kudziwitsidwa msanga kwa abwana ndi ku ofesi ya boma yoona za nchito, ndipo mapepala a kucipatala asungidwe bwino popeza ndiwo umboni.