Maulendo a Asilikali a Keyala

Ku Lobi, m'boma la Dedza, kumazizira kwambiri m'mwezi wa Juni. Nkhungu imakuta mapiri ndi madambo, ndipo ana opita kusukulu amayenda manja ali m'khwapa. Anthu a kumeneko ndi alimi a chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba. Mlendo woona midzi yabata imeneyi sangaganize kuti ingatchulidwe m'mbiri ya nkhondo. Komatu m'midzi yotere, ku Dedza ndi m'maboma ena onse a dziko lathu, ndimo munachokera amuna amene anakamenya nkhondo kutali, ena mpaka kutsidya kwa nyanja zamchere. Amuna amenewa ndiwo ankatchedwa asilikali a Keyala.

Dzina loti Keyala linachokera ku malembo atatu a Chingelezi, K.A.R., amene akuimira mawu oti King's African Rifles. Awa anali asilikali achikuda a mfumu ya Angelezi, pa nthawi imene dziko lathu linkatchedwa Nyasaland. Keyala inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 pophatikiza magulu a asilikali amene analipo kale kuno, ku Kenya, ku Uganda ndi ku Somaliland. Inagawidwa m'magulu akuluakulu otchedwa mabataliyoni. M'bataliyoni imodzi mumakhala asilikali mazana angapo, nthawi zina mpaka kuyandikira 1,000. Bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno kwathu, ndipo likulu lawo linali ku Zomba. Akuluakulu olamula anali Azungu, koma chilankhulo cha pantchito m'mabataliyoni awiriwa chinali Chinyanja, pamene anzawo a ku Kenya ndi ku Uganda ankalankhula Chiswahili.

Mnyamata wa ku Lobi wofuna usilikali ankayamba ulendo wake wapansi. Ankatsikira ku Ntcheu, kuwoloka Shire, mpaka kukafika ku Zomba atagona masiku angapo panjira. Ena ankapita chifukwa chosowa ndalama za msonkho, ena ankasirira yunifomu ndi ulemu umene asilikali ankalandira, ndipo ena ankachita kutumizidwa ndi mafumu boma likalamula. Ku Zomba ankaphunzira perete, kuwombera mfuti ndi kumvera lamulo popanda kufunsa. Atatha maphunziro, sankadziwa kumene adzatumizidwe.

Tsono tengani mapu, tiwatsatire m'maulendo awo.

Maulendowa anayamba dzina la Keyala lisanabadwe. M'chaka cha 1899 gulu limene pambuyo pake linakhala bataliyoni yachiwiri linatumizidwa ku chilumba cha Mauritius. Eni ake a chilumbacho sanawalandire bwino, ndipo patabuka mkangano, asilikaliwo anasamutsidwira ku Somaliland m'chaka cha 1900. Chaka chomwecho ena mwa iwo anatumizidwa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, kukamenyana ndi anthu a mtundu wa Ashanti. Ku Somaliland, dziko louma la minga ndi ngamila, anakumana ndi ankhondo a mtsogoleri wina wamphamvu dzina lake Mohammed Abdullah Hassan. Pa malo otchedwa Gumburu, m'mwezi wa Epulo 1903, gulu lina la bataliyoni yachiwiri linazingidwa, zipolopolo zinawathera, ndipo ambiri anaphedwa pamodzi ndi mkulu wawo. Dzina la Cobbe Barracks ku Zomba ndi la Alexander Cobbe, mmodzi mwa Azungu amene anatsogolera asilikali athu pa nkhondo za ku Somaliland.

M'chaka cha 1911 boma linathetsa bataliyoni yachiwiri pofuna kupulumutsa ndalama. Asilikali ambiri amene ntchito inawathera anawoloka malire a kumpoto nakalembedwa usilikali kwa Ajeremani, amene pa nthawiyo ankalamula dziko limene lero ndi Tanzania. Palibe amene anadziwa kuti patangopita zaka zitatu amuna a dziko limodzi adzalozana ndi mfuti, ena kumbali ya Angelezi, ena kumbali ya Ajeremani.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba m'chaka cha 1914. Ngakhale kuti mkangano wake unali wa ku Ulaya, inafika kuno msanga. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani pa doko lina la kum'mawa kwa nyanja yathu. Pa 9 Seputembala Ajeremani anaukira Karonga, koma asilikali a bataliyoni yoyamba anawabweza. Makolo athu anaitcha nkhondo imeneyi nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti yolira mosalekeza imene ankaitcha chiwaya. Sikuti onse anakondwa nayo. Mbusa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni ake, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma la atsamunda.

M'chaka cha 1916 Angelezi anaganiza zolanda dziko lonse la Ajeremani. Bataliyoni yoyamba inanyamuka kumpoto kwa Karonga pansi pa mkulu wankhondo Edward Northey, nikwera mapiri kulowera ku Tukuyu ndi ku Iringa. Bataliyoni yachiwiri inadzutsidwanso, ndipo inakamenya nkhondo kufupi ndi nyanja yamchere, cha ku Kilwa ndi ku Lindi. Popeza asilikali ochokera ku Ulaya, ku India ndi ku South Africa ankadwala malungo kwambiri, ntchito yaikulu inatsalira Keyala. Bataliyoni iliyonse inabala mabataliyoni ena, kotero kuti pofika 1918 Keyala yonse inali ndi mabataliyoni 22.

Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali wochenjera ngati kalulu. Sankafuna kuima malo amodzi kuti amenyane mpaka mapeto. Ankamenya n'kuthawa, kumenya n'kuthawa, ndipo asilikali a Keyala ankangomulondola. Mu Novembala 1917 anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique. Iwo anamutsatira komweko, namenyana naye m'malo ambiri monga pa Lioma mu Ogasiti 1918. Kenaka anabwerera kumpoto, nazungulira nyanja yathu, nalowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Anatula zida pa Mbala pa 25 Novembala 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale masabata awiri. Ulendo wonsewu asilikali anauyenda wapansi, kawirikawiri opanda nsapato, pa mvula ndi padzuwa, ndi chakudya chosakwanira.

Pano tiyenera kuima pang'ono, chifukwa pali anthu ena amene mbiri imakonda kuwaiwala. Msilikali sangayende popanda ufa, zipolopolo ndi mankhwala. Nanga ndani ankanyamula zonsezi? Misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi ntchentche za kashembe. Katundu yense ankayenda pamitu pa anthu otchedwa amtengatenga. Dziko lathu linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Aliyense ankasenza mtolo wolemera makilogalamu ngati 25, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambiri. Ulendo ukatalika, wamtengatenga ankadya gawo lalikulu la chakudya chimene wasenza asanafike kumene akupita, motero pankafunika anthu enanso ochuluka.

Ntchito imeneyi inali yokakamiza. Amesenjala a boma akafika pamudzi, nyakwawa inkayenera kupereka amuna. Ambiri ankathawira kumapiri ndi kuthengo, nkumabwera kunyumba usiku wokha. Taganizani za mudzi wa ku Lobi m'nyengo ya dzinja, amuna onse amphamvu atachoka. Amayi ndi ana ndiwo ankalima okha, kupalira okha ndi kukolola okha, ndipo nkhokwe sizinkadzaza. Amtengatenga ochuluka anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, osaona n'komwe nkhope ya mdani. Otsala pobwerera kumudzi chakumapeto kwa 1918 anapeza kuti mliri wa fuluwenza nawo wafika, ndipo unapha anthu ambiri m'dziko muno.

Patapita zaka makumi awiri, m'chaka cha 1939, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabuka. Ulendo uno amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino analowa usilikali. Adani oyamba anali Ataliyana, amene anali atalanda Ethiopia. Mu Julaye 1940 kagulu ka bataliyoni yoyamba kanatchinjiriza linga la Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kwa masiku angapo polimbana ndi adani ochuluka kuposa iwo. Madzi atayamba kuwathera, anatuluka usiku mwakachetechete, nadutsa pakati pa adaniwo. Mwezi wotsatira bataliyoni yachiwiri inali ku Somaliland, komwe kuja agogo awo anavutikira. Ataliyana anawaposa mphamvu, ndipo anakwera sitima pa doko la Berbera kuthawira ku Aden. Koma m'chaka cha 1941 zinthu zinatembenuka. Asilikali a Keyala pamodzi ndi anzawo a ku Nigeria, ku Gold Coast ndi ku South Africa anapitikitsa Ataliyana, nalowa mumzinda wa Addis Ababa mu Epulo. Mfumu ya Ethiopia, Haile Selassie, inabwerera pampando wake. Mfumu yomweyi inadzacheza m'Malawi m'chaka cha 1965, ndipo malo ena pamwamba pa phiri la Zomba amatchedwa Emperor's View pokumbukira ulendowo.

Kuchoka apo bataliyoni yoyamba inakwera sitima kupita ku chilumba cha Madagascar, chifukwa Angelezi ankaopa kuti Ajapani angachilande. Inatsika pa doko la Majunga mu Seputembala 1942, ndipo pofika Novembala nkhondo ya pachilumbapo inali itatha.

Ulendo wautali koposa unali wa ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar. M'chaka cha 1943 asilikali a Keyala anawoloka nyanja ya India kupita ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. M'chaka cha 1944 analowa mu Burma. Mabataliyoni a kuno, monga yachiwiri ndi ya nambala 22, anapatsidwa ntchito yothamangitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw pa nthawi ya mvula yamphamvu. Akatswiri ambiri ankati nkhondo singamenyedwe m'nyengo yotero. Mvula inkagwa usana ndi usiku. Misewu inasanduka matope ofika m'mawondo, mitsinje inasefukira, ndipo milatho inkakokoloka. Misundu inkayamwa magazi m'miyendo, udzudzu nkumaluma usiku wonse. Matenda ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Kwa mnyamata wokulira kumapiri ozizira ngati a ku Lobi, kutentha kwa chinyontho kwa m'chigwamo kunali nkhondo inanso payokha.

Popeza magalimoto ankatitimira, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Mitambo ikatseka, ndege sizinkabwera, ndipo asilikali ankagawana zochepa zimene anali nazo. Kumeneko anaonanso zodabwitsa. Anaona njovu zowetedwa zikunyamula mitengo yomangira milatho, nyama imene kwathu kuno munthu sangaiyandikire. Ajapani ankakumba maenje pamwamba pa zitunda, nabisalamo, ndipo sankalola kugwidwa amoyo. Chitunda chilichonse chinkalandidwa ndi magazi. Komabe asilikali a Keyala anapitirira mpaka anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944. Njira inatseguka yoti magulu ena awoloke ndi kulowa m'katikati mwa Burma. Bataliyoni yoyamba nayo inafika m'dzikolo, nigwira ntchito yake cha kugombe, m'dera la Arakan. Ajapani anagonja mu Ogasiti 1945.

Asilikali anabwerera kumudzi pang'onopang'ono, ena mpaka m'chaka cha 1946. Anabwera ndi mabokosi, makhoti aatali ndi mamendulo. Ena anali ataphunzira kuyendetsa galimoto, kusoka, kuwerenga ndi kulemba. Anali ataonanso ndi maso awo kuti Mzungu naye amaopa, amalira ndipo amafa monga munthu wina aliyense. Ambiri anakhumudwa poona kuti mphotho imene analandira inali yochepa poyerekeza ndi mavuto amene anakumana nawo. Maulendo a Keyala sanathere pomwepo, pakuti pakati pa 1952 ndi 1954 mabataliyoni athu awiri aja anatumizidwanso ku Malaya, ina itabwerako inzake nkupita. Dziko lathu litalandira ufulu m'chaka cha 1964, bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, chiyambi cha gulu lankhondo la Malawi.

Zizindikiro za maulendo amenewa zikadalipo. Mukaona amuna akuvina mganda, malipenga kapena beni, atavala zoyera kapena za kaki, ali pamizere yowongoka ndi mtsogoleri patsogolo, dziwani kuti mayendedwe amenewo anatengedwa ku perete wa asilikali. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja yaitali ya njerwa zofiira yokumbukira asilikali a Keyala amene anafa pa nkhondo, ndipo mwezi wa Novembala chaka chilichonse anthu amaika nkhata za maluwa pa zipilala zachikumbutso. Maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe pa chipilala chilichonse. Amene akuwasunga ndi mabanja awo. Mukaweruka kusukulu, kafunseni agogo anu ngati pamtundu panu panali wina amene anapita ku Chiwaya kapena ku Burma, dzina lake anali yani, ndiponso ngati anabwerako.